Makalasi awiri kulemberana: mmene ntchitoyi imayendera ndi pamene imafera

Chimangirizo chimene mwana walembera mphunzitsi chimakhala ndi wowerenga mmodzi, ndipo mwanayo amadziwa kuti wowerengayo akusaka zolakwika. N'chifukwa chake zimangirizo zambiri za Sitandade 6 ndi 7 zimafanana: chiyambi choloweza pamtima, ziganizo zisanu zimene mwana akudziwa kuti sangalakwitse, kenako mathero akuti "umu ndi mmene ndinachitira pa tchuthi changa." Mwana yemweyo mukamuuza kuti pepala lake likawerengedwa ndi mnzake wa kunyanja amene sanaonepo munda wa tiyi, ndipo mnzakeyo adzayankha, amayamba kufunsa mafunso amene sankafunsa: kodi amva ndikalemba chonchi? Kodi ndifotokoze kaye kuti dengu limamangidwa kumsana? Funso limeneli ndilo limene timalephera kuliphunzitsa ndi choko, ndipo limabwera lokha mwana akakhala ndi womulembera weniweni.

Dongosolo lili pansipa ndi limene ndagwiritsa ntchito ndi makalasi akuluakulu, a ana 80 mpaka 100 ndi kupitirira, pasukulu yopanda kompyuta. Chofunika ndi foni imodzi ya mphunzitsi yokhala ndi WhatsApp, mapepala, ndi mphunzitsi mnzanu wa sukulu ina amene sangakugwiritseni fuwa la moto. Mwa zitatuzi, chovuta kupeza ndi chachitatucho.

Yambani ndi kusankha kalasi. Sitandade 8 isiyeni. Ana ake, makolo awo ndi ahedi onse maso ali pa mayeso a PSLCE, ndipo ntchito iliyonse yosaoneka ngati kukonzekera mayeso imathetsedwa teremu yachiwiri isanafike pakati. Sitandade 6 ndi 7 ndiye oyenera, ndipo kusekondale Fomu 1 ndi Fomu 3. Nthawi yoyambira ndi sabata yachiwiri kapena yachitatu ya teremu yoyamba, ana atakhazikika, mvula isanayambe. Mukayamba mu Januwale mudzalimbana ndi kujomba, mitsinje yodzaza ndi mapepala onyowa chizolowezi chisanamere.

Kenako mnzanu wolemberana naye. Ambiri amathamangira kufuna sukulu ya kunja kwa dziko, koma ine ndaona kuti sukulu ya m'dziko momwemuno yokhala ndi moyo wosiyana ndi wanu imapindulitsa msanga. Ana a ku Thyolo kapena Mulanje alemberane ndi a ku Nkhotakota kapena Mangochi. A m'tauni ya Lilongwe ndi a kumapiri a Dedza kapena kuchigwa cha Shire. Ali ndi silabasi imodzi, tchuthi chimodzi, chiyankhulo chomvana, koma aliyense akudziwa zinthu zimene mnzake sakuzidziwa. Sukulu ya m'zoni yanu yomwe ilinso ndi ubwino wake: simufunika foni n'komwe, envulopu imatha kupita ndi wakabaza kapena ndi mphunzitsi amene akupita ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirana. Kuipa kwake n'kwakuti ana amadziwana kutchalitchi ndi kumsika, ndiye zofotokozerana zimachepa, ndipo miseche imalowerera mosavuta.

Musanauze ana chilichonse, gwirizanani ndi mnzanuyo zinthu zinayi ndipo muzilembe: tsiku lotumiza, chiwerengero cha mapepala pa sabata, tsiku lobweza mayankho, ndi dzina la mphunzitsi wina pasukulu iliyonse amene adzagwirizire ntchito mmodzi wa inu akadwala, akapita kumaliro kapena akasamutsidwa. Chachinayichi anthu amachiona ngati chopanda pake mpaka tsiku limene kalata yosamutsa yafika. Auzeninso ahedi, ndipo nkhaniyi ifike kukomiti ya sukulu ndi kumsonkhano wa makolo. Makolo ayenera kumva kuchokera kwa inu kuti zolemba za ana awo zikupita kusukulu ina, kuti nkhope za ana sizijambulidwa, ndiponso kuti palibe mwana amene adzapatsidwe nambala ya foni ya wina. Akazimvera kwa ana, nkhani imafika kunyumba itasanduka yakuti aphunzitsi akupezera ana zibwenzi.

Tsopano masamu ake. Tiyerekeze kalasi ya ana 100. Agaweni m'magulu 10 a ana 10, osakaniza odziwa ndi ovutika, anyamata ndi atsikana. Sabata iliyonse magulu awiri okha ndiwo amatulutsa zolemba, ndiye kuti mapepala 20. M'masabata 5 kalasi yonse yatulutsa kamodzi, ndipo m'masabata 10 aliyense watulutsa kawiri. Masabata otsala a teremu ndi a mayeso ndi zogwa mwadzidzidzi. Mapepala 20 mphunzitsi atha kuwawerenga bwinobwino madzulo amodzi. Mapepala 100 sabata iliyonse sangathe, ndipo amene amayamba ndi changu chotere amasiya sabata yachitatu. Mbali inayi, mapepala 20 ochokera kusukulu inayo akafika, kalasi igawidwe m'timagulu 20 ta ana 5, kagulu kalikonse pepala limodzi. Mwana aliyense alembe yankho lake pakapepala kakang'ono, pepala la A4 lodulidwa panayi. Pa sabata ndi mapepala 20 a zolemba ndi 25 a mayankho, pa masabata 10 ndi 450. Paketi imodzi ya mapepala 500 ikukwana teremu yonse, bola zolemba zoyamba zizichitikira m'makope. Chiwerengero chimenechi n'chothandiza pokapempha kwa ahedi, chifukwa pempho lokhala ndi malire limamveka kusiyana ndi lakuti "tikufuna mapepala."

Makalasi awiriwo akasiyana kukula, wina ana 45 wina 110, musakakamize kuti mwana aliyense akhale ndi mnzake mmodzi. Sungani chiwerengero cha mapepala chofanana mbali zonse, ndipo kalasi yaing'onoyo izitulutsa kawirikawiri. Kulumikiza ana awiriawiri kumaoneka kokoma, koma mmodzi akasiya sukulu kapena akadwala malungo, mnzakeyo amakhala masabata osalandira kanthu pamene anzake akulandira.

Sabata imayenda chonchi. Lolemba magulu awiri aja alembe koyamba m'makope, m'kalasi momwemo, mphindi 20 kapena 25, pamene ena onse ayamba kuwerenga ndi kuyankha mapepala ochokera kwina, olembawo n'kulowa m'timagulu tawo akamaliza. Kulemba koyambaku kusapite kunyumba. Kukapita kunyumba kumabwerako kutalembedwa ndi mkulu wake wa ku CDSS, kapena kutakoperedwa m'buku, ndipo m'tauni masiku ano kutachokera pafoni ya bambo. Lachiwiri asinthane makope m'gulu momwemo, aliyense awerenge mokweza chimene mnzake walemba, mwini wake akumvetsera. Apa musadumphe. Mwana akamva mnzake akukakamira pa chiganizo chake, amadziwa yekha kuti pasowa mpumiro kapena liwu, inu osanena kanthu. Lachitatu inu mutenge makope 20 aja. Lachinayi alembe mwaukhondo papepala, ndipo mutumize tsiku lomwelo. Musadikire Lachisanu: magetsi akathima, netiweki ikavuta kapena bandulo ikatha, mumakhala mulibe tsiku lina, ndipo mnzanuyo amafika Lolemba alibe chopatsa ana.

Kutalika kwa cholemba kukhale ndi malire: mawu 80 mpaka 120 ku Sitandade 6, kufika 150 ku Sitandade 7, 200 mpaka 250 ku Fomu 1. Tsamba limodzi basi, mbali imodzi. Tsamba limodzi ndi chithunzi chimodzi, ndipo limawerengeka n'kuyankhidwa m'piriyodi imodzi.

Pa mitu yolemba ndi pamene ntchito yonse imatsamira. Mutu woyamba umene aliyense amauganiza ndi wakuti "Dzina langa ndi banja langa." Usiyeni. Umatulutsa mapepala 20 ofanana, uli ndi zonse zimene simukufuna kuti zituluke pasukulu, monga maina a makolo ndi mudzi, ndipo woyankha alibe chofunsa. Mitu yabwino ndi imene wolemba amadziwa bwino koma wowerenga sadziwa: mmene usipa umayanikidwira ukachoka m'bwato, mmene tiyi amathyoledwera ndi masamba angati amene amatengedwa pansonga, kaumbidwe ka njerwa kuyambira kuponda dothi mpaka kuotcha, kaphikidwe ka thobwa, kasokedwe ka fodya m'chigafa, zimene zimachitika pamsika wa kwanu dzuwa lisanatuluke. Pamitu yotere mwana amene amakhala kumbuyo m'kalasi nthawi zambiri ndiye katswiri, chifukwa ndiye amagwira ntchitozo kunyumba.

Mutu umene sunandikhumudwitsepo ndi wa malamulo a masewero. Kagulu kalembe mmene amasewerera phada, fulaye, jingo kapena bawo kwawoko, ndipo kalasi inayo ituluke panja ikasewere motsatira zolembedwazo, osawonjezera zimene akudziwa kale. Pasanathe mphindi zitatu amaima, chifukwa pepala silinanene kuti ayamba ndani, kapena kuti mwala ukagwa chimachitika n'chiyani, kapena kuti mizere ndi ingati. Yankho lawo limangonena pamene anaimira. Wolemba akalandira zimenezo sakwiya ngati mmene amakwiyira ndi bolopeni yofiira; amadabwa kuti chinthu chodziwikiratu chotere anachisiya bwanji, n'kulembanso. Kulemba kwachiwiriko kumakhala ndi "poyamba," "kenako," "ngati," "pokhapokha," mawu amene mukanatha sabata mukuwalemba pabolodi. Maphikidwe amagwiranso ntchito chimodzimodzi ngakhale osaphika: owerenga amafunsa kuti madzi ochuluka bwanji, moto wotani, udziwa bwanji kuti chapsa.

Nthano ndi ndakatulo zibwere pambuyo pake. Ana amazikonda, koma mukayamba nazo amangolemba nthano za Kalulu zimene onse akuzidziwa, ndipo mayankho amangokhala akuti "kwathu amati anali Fisi."

Mayankho ndiwo moyo wa ntchitoyi, ndipo ana sabadwa akudziwa kuyankha. Mukangowapatsa timapepala, mwa ana 100 ochuluka adzalemba kuti "nkhani yako ndi yabwino, pitiriza," ndipo ena ochepa adzasanduka aphunzitsi ankhanza n'kulemba kuti "sudziwa kulemba." Onse awiriwa sathandiza. Choncho sabata yoyamba musatumize kanthu. Lembani pabolodi kandime kanu kokhala ndi mipata dala, ndipo kalasi yonse iphunzire kuyankha ndi ziganizo zitatu. Choyamba chitchule malo enieni amene wowerenga wawakonda, pokopera mawu ake: "Ndakonda pamene wanena kuti utsi wa uvuni umasintha mtundu njerwa zikayamba kupsa." Chachiwiri chikhale funso lenileni, limene woyankha sakudziwa yankho lake. Chachitatu chinene malo amodzi pamene sanamve, kapena pamene akanafuna kumva zambiri. Mawu akuti "zabwino," "wakhoza" ndi "walephera" aletsedwe, ndipo woyankha asakonze kalembedwe ka mawu. Imeneyo ndi ntchito yanu. Timapepala tosatsata izi tibwezedwe pomwepo kuti tilembedwenso. Mudzabweza tambiri sabata ziwiri zoyamba, kenako tochepa.

Chifukwa chogwiritsira timapepala tosiyana m'malo mwa pepala limodzi loyankhirapo ana asanu n'chakuti woyamba akalemba, anayi otsatirawo amangokopera. Aliyense alembe payekha, kenako muyale timapepala tisanu pamodzi patebulo, nambala ya cholemba chimene akuyankha ikuoneka, n'kujambula chithunzi chimodzi. Nambala imeneyi musaiiwale. Cholemba chilichonse chikhale ndi nambala pakona, monga 3/14, kutanthauza sabata yachitatu pepala la 14. Popanda nambala, a Chisomo atatu a m'kalasi imodzi adzakanganirana yankho limodzi.

Mayankho akafika, wolemba apatsidwe mphindi 10 zoyankha funso limodzi mwa mafunso amene wafunsidwa, powonjezera ziganizo ziwiri kapena zitatu pansi pa cholemba chake. Zowonjezerazo zipite ndi katundu wa sabata yotsatira. Apa ndi pamene ana amakhulupirira kuti mbali inayo kulidi munthu. Kukambirana kuthere pomwepo, chifukwa mukalola kuti kupitirire, mapepala amachuluka sabata ndi sabata mpaka dongosolo kusweka.

Za kujambula. Cholemba chomaliza chikhale cha bolopeni yakuda kapena yabuluu wakuda. Pensulo sioneka pachithunzi, makamaka chikasindikizidwa. Jambulani pafupi ndi chitseko kapena pakhonde, pamthunzi wowala, osati padzuwa lenileni chifukwa pepala limanyezimira, ndiponso osati mkati mwa kalasi ya mawindo a njerwa zoboola chifukwa mumakhala mdima. Pepala ligone pansi, foni ikhale pamwamba pake molunjika, mthunzi wa dzanja lanu usagwerepo, ndipo pukutani galasi la kamera ndi nsalu. Fumbi la choko ndilo limachititsa zithunzi zambiri kuoneka ngati muli chifunga. WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse. Pa tsamba limodzi la zilembo zazikulu bwino zimenezi sizivuta, ndipo mapepala 20 amangodya ma MB ochepa. Pa chithunzi cha timapepala tisanu zilembo zimachepa, ndiye sankhani HD kapena chitumizeni ngati document, podziwa kuti chidya bandulo yochulukirapo. Musanatumize, tsegulani chithunzi chimodzi n'kuchikulitsa. Ngati inu mukuvutika kuwerenga, mwana sangathe.

Ena amafuna kutaipa zolemba za ana pafoni kuti zioneke bwino. Ine sindilimbikitsa. Kumadya nthawi, foni imasintha mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi ngati simunazimitse autocorrect, ndipo chala cha mphunzitsi chimakonza zolakwika mosadziwa mpaka cholemba kusiya kukhala cha mwana. Komanso mwana akadziwa kuti dzanja lake lenileni ndilo likaonekere kwa anzake, amasamala kalembedwe koposa mmene amachitira mukamukalipira.

Vuto lalikulu lili kolandira: ana 100 sangawerenge pafoni imodzi. Njira yabwino ndi kusindikiza pa trading centre, masamba awiri papepala limodzi, n'kudula pakati. Mapepala 10 akwana zolemba 20. Mtengo umasintha teremu ndi teremu, ndiye funsani musanalonjeze ahedi. Ndalama ikasowa, sankhani alembi 5 a dzanja labwino akopere kuchokera pafoni pa buleki kapena akaweruka, aliyense zolemba zinayi, inu muli pomwepo, ndipo akopere ndendende, zolakwika zomwe. Alembiwa azisinthana sabata iliyonse kuti isakhale ntchito ya atsikana asanu omwewo chaka chonse. Mayankho safunika kusindikiza: itanani olemba 20 aja mmodzimmodzi awerenge pafoni ali pafupi nanu n'kukopera funso limene akufuna kuyankha. Foni isachoke m'manja mwanu kupita kugulu la ana. Muli mauthenga anu, muli Mpamba kapena Airtel Money, ndipo muli nambala ya mphunzitsi mnzanuyo.

Zolemba zikhalenso ndi malo m'kalasi mwanu momwemo. Chingwe chomangidwa kukhoma ndi mapegi a zovala chimakwana, kapena thumba la feteleza lochapa, lotambasula pandodo ziwiri, mapepala n'kubayidwa ndi minga kapena mapini. Musamate ndi phala kukhoma: chiswe ndi mphemvu zimadya, ndipo simungachotse pepala osaling'amba. Ngati kalasi ilibe chitseko, kapena mumasinthana ndi kalasi ina masana, pindani thumbalo poweruka likagone kuofesi. Pakhale zolemba zonse 20 za sabatayo pamodzi ndi za alendo, osati zisanu zabwino zokha. Mukangoyamba kusankha zabwino, ana amadziwa msanga kuti malowo ndi a anthu 10 omwe aja amene amakhoza kale, ndipo ena 90 amabwerera ku ziganizo zisanu zoloweza.

Nanga zolakwika? Apa aphunzitsi ambiri zimativuta, chifukwa timaopa kuti mnzathu wa sukulu inayo adzati sitiphunzitsa. Gwirizanani poyamba kuti mapepala azipita ndi zolakwika zina. Lachitatu mukatenga makope, gwiritsani pensulo, ndipo pa cholemba chilichonse muonetse malo osapitirira atatu, podula mzere pansi popanda kulemba yankho. Kenako onani cholakwika chimene chabwera kawirikawiri m'makope 20 aja, chimodzi chokha, n'kuchiphunzitsa kalasi yonse mphindi 10 pogwiritsa ziganizo za ana omwewo, osatchula eni ake. Mu Chichewa zobwerezabwereza n'zodziwika: ndime yonse yopanda mpumiro, yolumikizidwa ndi "ndiye" kuyambira pamwamba mpaka pansi, kusiya h pa mawu ngati phala, khasu ndi nthochi, kusokoneza l ndi r, pamene kawirikawiri r amatsatira e kapena i monga mu kulira ndi kubwera, kulekanitsa ku, pa ndi mu pa maina wamba m'malo molemba kusukulu ndi pakhomo, kwinaku akuphatikiza pa maina a malo m'malo molemba ku Zomba, kuiwala kachizindikiro ka ng', mpaka ng'oma yovinira kusanduka ngoma ya kutchire, ndi kalembedwe ka pafoni, "bwnj" ndi "zkm." Sabata imodzi cholakwika chimodzi. Pofika sabata ya 10 mwagwira zolakwika 10 zimene zinalidi m'kalasi mwanu, ndipo chilichonse mukhoza kuchifuna pa zolemba zotsatira.

Malikisi asalembedwe papepala lopita kwina kapena lopachikidwa pachingwe. Ngati mukufuna kuti ntchitoyi ilowe m'kaundula wanu wa kuyesa ana, yerekezani cholemba cha Lolemba ndi cha Lachinayi, komanso onani timapepala ta mayankho timene mwana walemba. Kayankhidwe ka mwana kamaonetsa bwino ngati akumva zimene akuwerenga.

Ulendo woyamba ukhale wa Chichewa, ngakhale cholinga chanu chili pa Chingerezi. Mwana aphunzire kaye kuganizira wowerenga m'chiyankhulo chimene samasaka mawu. Ulendo wachiwiri alembe mutu womwewo kapena wofanana nawo m'Chingerezi, mwachidule; amakhala ali kale ndi zonena, akungolimbana ndi chiyankhulo chokha. Mayankho a zolemba za Chingerezi muwalole kubwera m'Chichewa poyamba, apo ayi mudzalandira "it is good" kuchokera kwa kalasi yonse. Ana amene kunyumba amayankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitumbuka kapena Chitonga muwalole kugwiritsa liwu la kwawo pamene la Chichewa sakulidziwa, bola alifotokoze m'chiganizo chotsatira. Owerenga amafunsa kwambiri za mawu oterewa.

M'kalasi iliyonse ya ana 100 muli ena amene sangathe kulemba ndime, ngakhale ku Sitandade 7. Asachotsedwe pa ndandanda. Wotere ajambule chinthucho, bwato kapena uvuni, alembe maina a zigawo zake ndi ziganizo zitatu pansi. Kapena anene mawu mnzake akulemba, kenako iye akopere ndi dzanja lake, pepala n'kupita ndi maina onse awiri. Pepala la chojambula limalandira mafunso ngati ena onse. Mwana wovutika kuona, kuphatikizapo ana achialubino ambiri, apatsidwe cholemba chosindikizidwa tsamba lathunthu kapena chokoperedwa ndi zilembo zikuluzikulu, osati cha masamba awiri papepala limodzi chija.

Chilichonse chotuluka pasukulu chidutse m'maso mwanu, timapepala ta mayankho tomwe. Papepala pakhale dzina loyamba lokha ndi kalasi, popanda dzina la bambo, mudzi kapena nambala ya foni. Yang'anani m'makona ndi kuseri, chifukwa ndiko kumabisala nambala ndi timawu tachikondi, makamaka kusekondale. Cholemba chotchula munthu weniweni kuti ndi mfiti, wakuba kapena wachiwerewere chisapite ndiponso chisapachikidwe. Muuzeni mwana achotse dzina ndi chilichonse cholozera munthuyo, kapena asinthe mutu. Za zipani zandale n'chimodzimodzi. Zithunzi zizipita pakati pa aphunzitsi awiri okha, osati pagulu la WhatsApp la aphunzitsi a zoni kapena pa Facebook, ngakhale cholembacho chikhale chosangalatsa bwanji. Munalonjeza makolo kuti chikupita kukalasi imodzi.

Pali chinthu china chimene muyenera kuchikonzekera musanayambe. Ana akazolowera kuti kulemba n'kuuza munthu zinthu, wina adzalemba zimene zikumuchitikira kunyumba: kumenyedwa, kugwiriridwa, kukakamizidwa ukwati. Nthawi zina amalemba ngati nthano ya "mtsikana wina." Pepala lotere lisapite, lisawerengedwe m'gulu Lachiwiri ngati mwaliona msanga, ndipo musalikonze ngati chimangirizo. Yankhulani ndi mwanayo pambali, pamalo oonekera, ndipo ngati ndi mtsikana inu ndinu bambo, pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa Mother Group. Musamulonjeze kuti simuuza aliyense. Nkhaniyo ipite kwa ahedi, ndipo kuchokera apo kwa woona za chitetezo cha ana m'deralo kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala yaulere ya 116 ndi yothandiza ana pa nkhani zotere. Mwanayo mupatseni mpata wolemba mutu wina kuti pa mapepala a gulu lake pasaoneke kuti lake lasowa.

Ntchitoyi ikamafa, kawirikawiri imafera pa kuchedwa kwa mayankho. Sabata imodzi ana amapirira. Ziwiri zikadutsa amayamba kufunsa, yachitatu amasiya kufunsa, ndipo mukadzawauza kuti alembenso amalemba mwaulesi kuposa poyamba, chifukwa aona kuti munawanamiza. Choncho khalani ndi njira yachiwiri yokonzeka: mayankho akapanda kufika Lolemba, mapepala 20 aja ayankhidwe tsiku lomwelo ndi magulu ena a m'kalasi mwanu, kapena ndi kalasi ina ya Sitandade yomweyo pasukulu pomwepo, ndipo ana auzidwe zoona, kuti anzawo achedwa. Mnzanu akachedwa kawiri motsatizana, muimbireni foni, osangolemba uthenga, ndipo mupemphe kuti muchepetse mapepala akhale 10 pa sabata. Nthawi zambiri amakhala kuti walemedwa koma akuchita manyazi kunena.

Sabata yomaliza mayeso asanayambe, sonkhanitsani zolemba zonse 200 motsatira nambala, cholemba chilichonse ndi zowonjezera zake. Zigaweni m'mabuku anayi kapena asanu, chifukwa buku limodzi la masamba 200 silisokeka ndipo limawerengedwa ndi mwana mmodzi pa nthawi. Chikuto chikhale cha katoni, boolani mabowo atatu ndi msomali m'mphepete, n'kusoka ndi ulusi wa thumba. Ana alembe okha ndandanda ya zam'kati patsamba loyamba. Mabukuwa asungidwe kuofesi ndipo azibwerekedwa polembetsa dzina, apo ayi teremu yachiwiri mudzapeza masamba ake atakulungira mandasi. Kalasi ya chaka chamawa iyambire pa mabuku amenewa sabata yophunzira kuyankha ija, m'malo mwa kandime kanu ka pabolodi, ndipo zithunzi zonse za teremu yathayo muzifufute pafoni mabuku akangosokedwa.